Maliro a Woyimba pa Geti la Abwana

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4 ndinkakhala ndi agogo anga m'kanyumba ka antchito, kuseri kwa nyumba ina ya mpanda ku Area 47. Agogo anali ophika panyumbapo. Ananditenga ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi anga atamwalira, ndipo kanyumba ka zipinda ziwiri kameneko ndi kokhako kamene ndinkakatcha kwathu. Kumudzi, cha ku Mitundu, kunatsala manda ndi munda umene amalume anali atayamba kale kulima. Agogo akanachotsedwa ntchito, tikanatuluka pageti ndi mabeseni pamutu osadziwa kolowera.

Izi sizinali zongoganizira. Amadamu, mayi wamtali wosaseka wamba amene ankagwira ntchito ku Capital Hill, anali atawachenjeza agogo kawiri, ndipo maulendo onse awiri mlandu unali wa wailesi. Ananena kuti kachitatu sadzayankhulanso, adzangotsegula geti.

Wailesiyo payokha inalibe chifukwa. Vuto linali woyimba wina wa gitala, wa mawu osasa ngati wodwala chimfine chosatha, amene ankayimba za mavuto a m'tauni. Nyimbo yake ikangoyamba, agogo ankakweza wailesi ndi chigongono ngati manja ali mu ufa, n'kuyamba kucheza naye. Iye akadandaula, iwo ankavomereza. Akafunsa funso m'nyimbomo ankamuyankha, nthawi zina mokalipa. Ankamutchula kuti mwana wanga. Ubalewu unayambira kumsika waukulu wa ku Old Town, tsiku lina pamene anaima naye pa benchi imodzi ya anyezi n'kumuletsa kugula mulu umene unali ndi wowola pansi. Woyimbayo anathokoza, n'kugula mulu umene agogo analoza. Kwa agogo zimenezi zinali zokwanira.

Mnzawo pa chikondi chimenechi anali alonda a masana, bambo wachikulire wowonda wa ku Nathenje, amene ankasamalanso maluwa. Iwo anali asanamuonepo woyimbayo, ndipo nkhani ya anyezi inkawawawa mumtima. Pobwezera analoweza nyimbo zake zonse, ndipo agogo akasokoneza mawu ankawakonza kudzera pazenera. Ine woyimbayo sindinkamuda, komanso sindinkamufuna. Ndinali mtsikana wosayankhula. Chimene ndinkachidziwa bwino chinali kukhala penapake n'kumaona.

Linali Lachiwiri. Abwana anali atapita ku Mzuzu dzulo lake kumsonkhano wa kuntchito, ndipo amadamu anatuluka m'mawa monga mwa masiku onse. Cha m'ma eyiti wailesi inaika nyimbo ya woyimba uja, agogo n'kukweza. Itatha inabwera ina, yake yomwe, ndipo agogo anati lero kwacha bwino. Koma itayamba yachitatu, woulutsa asananenepo kanthu pakati, anasiya kutsuka mbale. Aliyense womvera wailesi m'dziko muno amadziwa kuti woyimba wamoyo samupatsa nyimbo zitatu zotsatizana. Alonda anali atafika kale pazenera la khitchini, chipewa chili m'manja.

Woulutsa atanena kuti woyimbayo wamwalira m'bandakucha kuchipatala, agogo sanachite zinthu mopupuluma. Anaphula nyemba kuti zisapserere. Anapukuta manja, anamanga chitenje china pamwamba pa yunifomu, anatenga wailesi n'kukakhala pansi pakhonde la kumaso, miyendo atatambasula. Atakhazikika bwino m'pamene anayamba kulira. Anali munthu wodziwa maliro, wolira ndi mawu, womufunsa wakufayo chifukwa chimene wachokera osatsanzika ndiponso kuti ife watisiya ndi yani.

Alonda anagadabuza ndowa pafupi ndi geti n'kukhalapo, maso ali pansi. Patapita kanthawi anadzuka kudzawauza agogo kuti pamaliro sipalira wailesi. Agogo anadula kulira n'kufunsa kuti ndiye timulira ndi chiyani, poti mawu ake onse ali momwemo. Anakangana motsitsa mawu, monga anamfedwa awiri olemekezana, mpaka anagwirizana kuti wailesi ikhale yotsegula koma aiphimbe ndi nsalu yopukutira mbale.

Zikanathera pomwepo. Koma pamsewu panadutsa wa kabaza ya njinga yamoto, nyimbo yachilendo ikuphulika pachiwongolero, ndipo m'mbuyo mwake munabwera galimoto ya achinyamata imene inkachita kunjenjemeretsa geti. Alonda anaimirira n'kunena kuti dziko lino latha ulemu. Anapita kukatenga chikwanje, n'kuima pansi pa mtengo wa mango umene amadamu ankaletsa ngakhale kuuponya mwala.

"Mayi, ndiike masamba?"

"Ikani," anatero agogo. "Adziwe."

Anadula nthambi zazikulu bwino, n'kuziyala modutsa msewu, zina kumtunda kwa geti lathu, zina kumunsi. Masambawo anagwira ntchito nthawi yomweyo. Magalimoto anayamba kuyenda pang'onopang'ono, nyimbo atazimitsa. Bambo wina wa makala anatsika panjinga n'kuikankha mpaka atadutsa. Wogulitsa nthochi anasiya kuitanira malonda. Alonda anabwerera pandowa yawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo nkhope yawo inaoneka ya munthu amene wachitapo kanthu.

Ine ndinali nditakhala pa sitepe ya khonde, ndipo ndinaona zimene awiriwo sanaone. Wantchito wa nyumba yoyang'anana nafe anasuzumira pageti lawo. Anayang'ana masamba. Anayang'ana agogo akulira. Anayang'ana pamalo pamene pankaima galimoto ya abwana, pali pululu. Anagwira pakamwa, n'kutulutsa foni.

Ndinadziwa pomwepo chimene chikubwera. Masamba sanena dzina la munthu. Amangonena kuti pano pagwa zovuta, ndipo wodutsa amayang'ana geti limene lili pakati pawo. Ndinakonza mawu m'mutu oti ndiwauze agogo. Koma munthu wamkulu akamalira sumudula pakamwa, choncho ndinati ndidikire amalize kaye chigawo chimenechi. Atatsala pang'ono kumaliza, wailesi inaika nyimbo imene ankaikonda koposa, iwo n'kuyambiranso kulira. Ndinadikiranso. Mpaka lero ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amaseka alonda, koma ine ndimadziwa kuti pa ife atatu panali munthu mmodzi yekha amene anali ndi maso owuma tsiku limenelo.

Oyamba kufika anali antchito a m'nyumba zoyandikana. Kenako kunabwera amayi a kumpingo kwa amadamu, mipango kumutu, ena atanyamula nkhuni, ena ufa m'mapepala. Alonda anatsegula geti lonse monga zimakhalira pamaliro, n'kuyamba kutulutsa mipando ya patebulo lodyera kuti azibambo akhalepo. Agogo ataona khonde ladzaza anakhudzidwa kwambiri. Anandinong'oneza kuti ndione mmene anthu ankamukondera mwana wawo, ngakhale amayi ophunzira oyenda pagalimoto.

Pamaliro anthu satchula dzina, amangoti malemu, ndipo sayankhula zambiri. Mayi wina wachikulire wa magalasi, amene ankatsogolera anzake, anapepesa n'kufunsa kuti zachitika bwanji. Agogo anati nawonso angomva pawailesi ngati wina aliyense. Amayiwo anagwedeza mitu, poti abwana anali munthu wamkulu ndithu kuntchito kwawo, woti wailesi n'kumulengeza. Mayi uja anafunsanso ngati ana auzidwa.

"Ana ake ati?" anatero agogo akupukuta misozi. "Akuti boma lililonse ali ndi wake. Ku Salima kokha atatu."

Amayi anayang'anana. Mmodzi anasendera pafupi kuti amve bwino. Wa magalasi uja anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi mofulumira, ndipo anaiyamba pamwamba kwambiri moti pofika pakati aliyense anali akuvutika nayo. Pa kapinga, bambo wina wa tayi wochokera kuntchito kwa abwana ankayenda mapazi ataliatali, kuyeza pomanga tenti.

Cha m'ma leveni panaima takisi, n'kutsika achemwali awo a abwana, mayi wonenepa amene anali ndi shopu ya nsalu ku Old Town. Anayambira kulira pageti, manja pamutu, akuitana mchimwene wawo. Atafika pa kapinga anagwa, koma ndinaona kuti anayamba ayang'ana pamene alonda sanathirire madzi. Amayi awiri anawadzutsa. Anakhala pakhonde pang'ono, kenako anawakodola agogo kuti apite nawo kumbali, pakhomo lolowera m'nyumba. Ine ndinali pomwepo, koma anthu ankandiona ngati mphika wa maluwa, sankatsitsa mawu chifukwa cha ine.

Anafuna makiyi a kuchipinda chogona, a galimoto yaing'ono imene inali m'galaja, ndiponso anafunsa kumene abwana ankasunga mapepala a nyumba. Makiyi a m'nyumba agogo ankawamangirira pa chingwe m'chiuno, mkati mwa chitenje. Anagwira pamene panali makiyipo n'kunena kuti anawasiyira ndi amadamu, ndipo adzabweza kwa amadamu.

"Amadamu anuwo ndi mlendo pano," anatero achemwaliwo. "Katundu yense uyu ndi thukuta la mchimwene wanga. Zinthu zisanasokonekere ziyenera kukhala m'manja mwa abale."

Anagwira chogwirira cha chitseko. Agogo sanakangane nawo. Anangokhala pansi pakhomo pomwepo, msana atatsamira chitseko, n'kupitiriza kulira kuchokera pamene analekezera. Achemwaliwo anayesa kuwalambalala, koma agogo anali munthu wodzaza khomo. Patapita kanthawi kulira kuja kunayamba kuchepa, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti mawu ena awafika mochedwa. Anatukula mutu n'kufunsa kuti kodi achimwene anuwo atani.

Nthawi yomweyo galimoto ya amadamu inalowa, akuyendetsa mnzawo wa kuntchito. Amadamu anatsika atavala nsapato imodzi. Anthu asanu anali atawaimbira kuwapepesa, ndipo foni ya amuna awo inali yozima. Nkhope imene anatsika nayo ndinali nditaionapo kamodzi, pa agogo, tsiku limene anabwera kudzanditenga. Pa zonse za tsiku limenelo, chimenechi chokha sindiseka.

Amayi anaimirira kuti awagwire. Asanawafike, foni imene inali m'manja mwa amadamu inalira, ndipo inaonetsa nambala ya abwana. Anaganiza kuti ndi apolisi kapena achipatala, ndipo poyankha anadina mwangozi pokweza mawu. Bwalo lonse linamva.

"Ndapeza mwandiimbira kambirimbiri. Ndinali mumsonkhano. Kodi mayunitsi a magetsi athanso?"

Chimene chinkamveka chinali woyimba uja yekha, akudandaula chapansipansi mkati mwa nsalu yopukutira mbale.

Amadamu sanakalipe. Anawauza abwana kuti awaimbiranso, anavula nsapato yotsala ija, n'kufunsa modekha kuti wamwalira ndani. Alonda anaimirira njo, chipewa pachifuwa, n'kutchula dzina la woyimbayo lonse, ndi la bambo ake lomwe. Ena mwa amayi aja anati kalanga ine, poti anali asanamve, ndipo mmodzi anayamba kulira zenizeni. Otsalawo anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Wina anasiya ufa wake chifukwa cha manyazi, wina anabwerera pageti kudzatenga nkhuni zake. Bambo wa tayi anapinda mapazi ake ngati tepi yoyezera, n'kutuluka. Achemwali a abwana palibe amene anawaona potuluka, kupatula ine.

Amadamu analamula kuti masamba achotsedwe. Alonda anayankha mwaulemu wonse kuti thupi silinaikidwe. Amadamu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka okha opanda nsapato, n'kukoka nthambi za mango wawo imodziimodzi mpaka m'ngalande. Pobwera anaima pakhonde n'kunena kuti mwezi ukatha agogo ndi alonda onse awiri achoke, ndipo asamve china.

Madzulo amenewo tinayamba kulongedza zinthu zimene sitinkazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Agogo sanadziteteze kapena kunena alonda. Ankangopinda nsalu n'kumaziika m'chikwama, kenako n'kuzitulutsanso kuti azipinde bwino. Ndinawaulula kuti ndinaona wantchito uja akuimba foni, ndipo ndinadziwa. Anandiyang'ana ndi maso otupa n'kundifunsa kuti maso ndinatengera kwa mayi anga, nanga pakamwa ndinasiya kuti. Sanawonjezere china, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Abwana anabwera mawa lake masana. Anali bambo wamfupi wokonda kuseka, ndipo njira yonse kuchokera ku Mzuzu anabwera akuyankha mafoni a anthu ofuna kutsimikiza kuti ndi iwodi. Atapuma anatiitanitsa pakhonde, agogo, alonda ndi ine. Amadamu anaima pakhomo, manja atapinda pachifuwa. Abwana anayamba ndi kunena kuti nkhani za panyumba mwini wake ndi mayi, ndipo zimene agamula iwo sangazisinthe. Chimene ankafuna chinali china. Munthu sapeza mwayi kawirikawiri wodziwa amene anabwera pamaliro ake.

Agogo anati sanaone bwino chifukwa cha misozi.

"Ndiye misozi yonse imene ndikuimva ija sinali yanga?"

"Ayi, bwana. Koma musadandaule, inu mukadzamwalira ndidzalira."

"Ngati mmene munalirira dzulomu?"

Agogo anaganiza kaye, poti sankakonda kulonjeza zabodza. "Inu simuyimba, bwana."

Abwana anaseka mpaka kutsokomola. Amadamu sanasunthe ngakhale chikope. Abwana atafunsa alonda, iwo anati ankayang'ana pansi monga mwa mwambo, ndiye anaona nsapato zokha. Apo agogo anandiloza ndi mlomo n'kunena kuti funsani uyu.

Sindikumbukira kuti ndinali nditayankhulapo mawu opitirira moni pamaso pa abwana. Ndinayamba ndi mawu ang'onoang'ono, ndikuyang'ana mapazi anga. Ndinatchula amene anafika poyamba ndi amene anafika pomaliza. Ndinanena amene analira ndi misozi, ndi amene ankangopukuta m'maso mouma. Ndinafotokoza za bambo wa tayi, mapazi ake pa kapinga, ndiponso zimene anauza mnzake zokhudza amene angalowe mu ofesi yaikulu ya abwana. Abwana anasiya kuseka n'kufunsa mtundu wa tayiyo. Nditafika pa ana a ku Salima, amadamu anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuyang'ana amuna awo, ndipo ndinafulumira kulongosola kuti anawo anali a yani. Abwana anandithokoza kawiri.

Kenako ndinaima, chifukwa chotsala chinali cha achemwali awo, ndipo sindinadziwe ngati mwana wa kunyumba ya antchito anganene mlongo wa mwini nyumba pamaso pake. Ndinayang'ana agogo, koma iwo ankayang'ana mtengo wa mango. Ndinakumbukira chikwama chimene chinali chotsegula pamphasa kwathu, n'kunena. Ndinanena za makiyi a kuchipinda, a galimoto, ndi mapepala a nyumba.

Amadamu anachoka pakhomo paja, anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane.

"Unene mmene ananenera. Usakonze."

Ndinabwereza mawu onse mmene anatulukira, a mlendo aja ndi a thukuta omwe. Ndinanenanso kuti anagwira chitseko, ndipo agogo anakhala pansi n'kutseka khomo ndi msana. Abwana anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo ngati akuziona koyamba. Amadamu anafunsa agogo ngati pa nthawiyo ankadziwa kuti mlamu wawoyo akunena za abwana. Agogo anati ayi, iwo ankayesa kuti mayiyo akungopezerapo mwayi pa chipwirikiti cha maliro a dziko.

"Koma ngakhale akanakhala abwana," anatero, "makiyi munandipatsa ndinu."

Amadamu ankatembenuza mphete pachala. Kenako anaimirira, n'kuwauza agogo kuti Lamulungu kubwera alendo, ndiye Loweruka apite kumsika akasankhe nkhuku ziwiri za chikuda, osati zowonda ngati za ulendo watha. Ali pakhomo anatembenuka n'kuwonjezera kuti mwezi wamawa makatani onse achapidwe mvula isanayambe. Sanapepese, ndipo agogo sanathokoze. Anangoti chabwino, madamu.

Alonda nawo anatsala, koma anawapatsa ntchito yoyenda nyumba iliyonse mumsewu wathu kukagogoda ndi kunena kuti abwana ali moyo. Anayenda masiku awiri, chifukwa pageti lililonse ankapezapo mlonda mnzawo wofuna kukambirana za woyimba uja, ndipo sakanachoka osamupepesa.

Titabwerera kukanyumba kathu ndinali ndi ludzu ngati ndayenda ulendo wautali. Ndinayamba kutulutsa nsalu m'chikwama, ndikudikira kuti mwina agogo anena kanthu kabwino. Iwo anakhala pamphasa, anamasula mpango, n'kundiyang'ana mosakondwa.

"Zonse wanena," anatero. "Za tayi wanena, za nkhuni wanena. Koma sunanene kuti ndinakomoka."

"Simunakomoke, agogo."

"Ndinatsala pang'ono. Ukanatha kunena."